Tsiku Limene Ndinachapa Foni

Linali Lachinayi, 2 koloko masana, pamene ndinachapa foni yanga pamodzi ndi mabedishiti.

Ntchitoyo anandipezera ndi mayi wina wa kutchalitchi kwathu ku Tottenham. Inali yochapa zovala panyumba yosamalira okalamba ku Edmonton, ntchito yanga yoyamba kuno kudziko la eni. Zovala zimabwera m'matumba: oyera a zovala wamba, ofiira a zoipitsidwa. Thumba lofiira sumamasula. Umavala magolovesi n'kuliponya lonse m'makina, limasungunukira momwemo. Lamulo lina linali lakuti foni izikhala mu loka, kabati yotsekeramo katundu wathu.

Lamulo limeneli sindikanatha kulisunga. Mwana wanga Tadala, wa zaka zitatu, ankadikira chiwindi chatsopano. Achipatala anati angaimbe nthawi iliyonse, ndipo tikapanda kuyankha, chiwindicho chikhoza kupita kwa wina. Bambo ake amayendetsa basi, sangayankhe ali pachiwongolero. Koma kuntchito sindinauze munthu. Kwathu nkhani ya ziwalo za womwalira simveka bwino. Ndinkaopa kuti azindiona ngati mfiti yodikira maliro a mwana wa mnzake. Choncho foni ndinkangoibisa.

Tsikulo supavaiza wathu, Mayi Nkhoma, obadwira ku Zimbabwe koma makolo awo a ku Kasungu, analowa foni ili m'manja mwanga. Ndinailowetsa msanga mu pilokesi. Iwo anaima pomwepo n'kumafunsa za matawulo osowa, ine manja akungolongedza zovala m'makina ndi mantha, pilokesi ija pamodzi, mpaka ndinawayatsa. Atatuluka, ndinamva chinthu chikugunda pagalasi: gu, gu, gu. Chitseko cha makina sichitseguka madzi ali mkati. Ndinangoima n'kumaiyang'ana ikuzungulira.

Makina ataima, ndinapita ku ofesi foni yakufayo ikudontha madzi.

"Esinati, mwachapa foni? Inada kwambiri?" anatero Mayi Nkhoma akuseka.

Ndinayang'ana pansi n'kunena zonse, mpaka za chiwindi. Kuseka kunatha.

"Mwana wanga, miyezi yonseyi uli chete? Ukanataya mwayi wa mwana chifukwa cha manyazi. Amene amapereka chiwalo amapereka ndi mtima wawo, iwe sunaphe munthu. Nambala ya chipatala ukuidziwa pamtima?"

Ndinkaidziwa. Anaimba okha, ine nditaima pambali. Achipatala anati sanatiimbire tsikulo. Analemba nambala ya ofesi yathu ngati yachiwiri, ndipo Mayi Nkhoma anandibwereka foni yawo yakale ya m'dirowa.

Manyazi aja sanatetezepo Tadala ngakhale pang'ono, ankangoteteza nkhope yanga.

M'mawa mwake ndinaika foniyo pashelefu, pamwamba pa sopo, poonekera, nditakweza kulira kwake mpaka pomaliza. Mnzanga wosita zovala anaiona n'kufunsa ngati lamulo lasintha. Ndinapukuta manja, ndipo ndinamuuza ndekha: "Mwana wanga akudikira chiwindi. Ikalira ine ndili kunja, uyankhe."