Fada Khirisimasi ndi Kansalu Koyezera Phazi

Ndineneretu, maganizo amenewa sanali anga. Anabwera nawo ndi mwamuna wanga, ndipo anawabweretsa pafoni ali ku Joni, kumene anapita kukagwira ntchito mwana wathu wamkazi asanayambe sukulu. Ine ndi mwanayo tinkakhala ndi amayi anga kumudzi kwathu, kumtunda kwa Malomo, kumene foni imagwira pachulu cha kuseri kwa khola la mbuzi basi. Nkhani zonse za banja lathu zinkakambidwa ine nditaima pachulupo, mbuzi zikumvetsera.

"Amake mwana," anatero tsiku lina mvula isanayambe, "kuno m'masitolo muli mkulu wina wa ndevu zoyera, wovala zofiira, amati Fada Khirisimasi. Ana amakhala pamiyendo pake n'kumamuuza zimene akufuna. Ndikawaona ana amenewo mtima umandipweteka. Ndikufuna wanganso alaweko zimenezi. Ine nditumiza katundu, inu mudzanene kuti wabweretsa ndi iyeyo."

Ndinakana. Ndinawauza kuti kwathu kuno mphatso imakhala ndi mwini wake. Mwana amagwada, amalandira ndi manja awiri, ndipo mawa lake amalawirira kukathokozanso. Nanga mkulu wa ndevuyu mwana adzakamuthokozera kuti? Anandiseka, ati ndine wachikale. Zinandinyansa, koma munthu amene ali kutali sulimbana naye nthawi yaitali, mayunitsi amatha mkangano usanathe. Ndinavomera chokwiya.

Choyamba kunali kuyeza phazi, poti mphatso yaikulu inali nsapato. Ife sitidalira manambala, phazi la mwana wa kumudzi limatambasuka mmene lafunira. Ndinang'amba kansalu m'mphepete mwa chitenje changa chakale cha maluwa achikasu, ndinamuimika mwanayo pakhonde, ndinayeza kuchokera kuchidendene kufika ku chala chachikulu, n'kumanga mfundo.

"Mukuyezeranji, amama?"

"Adadi ako akufuna aone mmene wakulira."

Atamva zimenezo anatambasula zala zonse ndi mphamvu kuti aoneke wamkulu. Kansaluko ndinakakapereka kwa dalaivala wina amene amanyamula katundu wa anthu pakati pa kuno ndi Joni.

Kenaka panali amayi anga. Amayi ndi munthu wa mpingo weniweni, wa yunifolomu yosita, ndipo pakhomo pawo sipachitika chinthu iwo asanachimvetse. Ndinawapeza akuswa mtedza ndipo ndinayamba kuwafotokozera monga mmene ndinamvera pafoni. Ndinati mkuluyu amauluka usiku, amalowa m'nyumba anthu ali m'tulo chitseko chili chotseka, ndipo amadziwa mwana aliyense ndi zonse zimene wachita.

Amayi anasiya mtedza uja.

"Wouluka usiku?"

"Eya."

"Wolowa pachitseko chotseka? Wofuna ana a eni ake? Iwe, munthu wotere kwathu kuno tili nalo dzina lake, ndipo si Fada ayi."

Ndinaseka mpaka kukhala pansi, misozi chuchuchu. Amayi sanaseke ngakhale pang'ono. Analamula kuti ngati mlendoyo akufuna kuponda pakhomo pawo, abwere dzuwa likuswa mtengo, adzere m'njira imene anthu onse amadzera, ndipo anene odi. Nditawauza bambo a mwana, anati palibe vuto, atumiza ndi zovala zomwe kuti wina adzavale.

Wina ameneyo anali achimwene anga, mlimi wa fodya, munthu wamkulu ndi banja lake koma woonda ngati bango. Katundu atafika pa Malomo tinakabisa m'chigafa chawo cha fodya, ndipo m'menemo ndi mmene tinkayeserera. Malaya ofiira aja akanalowamo anthu awiri. Tinawamangirira pilo pamimba ndi mphira wa njinga, kumapazi anavala majombo awo a kumunda, kumaso chigoba cha pulasitiki cha masaya ofiira ndi ndevu za thonje. Chovuta chinali kuseka. Alamu awo anawaphunzitsa pafoni kuti mkuluyo amaseka kuti ho ho ho, mawu akuchokera m'mimba. Achimwene akayesa zinkamveka ngati mbuzi yatsamwa ndi chitsononkho, ndipo ine ndinkatuluka m'chigafamo nthiti zikupweteka.

Mwanayo nditamuuza za mlendo amene akubwera, anakhulupirira nthawi yomweyo, osafunsa n'komwe. Anauza anzake onse a Sande sukulu. Anayamba kusesa pabwalo osatumidwa, kutsuka mbale, ngakhale kusamba osathamangitsidwa. Ndisaname, masiku amenewo ndinadyerera. Akangoyamba matukutuku ndinkangoyang'ana kumwamba n'kunena kuti kaya Fada akuona, basi mwana zii. Ndinayamba kuganiza kuti mwina anthu a ku Joni ali ndi nzeru ndithu.

Tsiku la Khirisimasi titaweruka kutchalitchi, pabwalo pathu panadzaza ana a mudzi wonse, poti wanga anali atalengeza. Mpunga unali pamoto, kuphiri la Ntchisi mitambo itada. Tinamva belu la njinga. Achimwene, poopa kuti anthu angawazindikire akatulukira kunyumba kwawo, anaphwanya lamulo la amayi n'kudzera kanjira ka m'munda wa chimanga. Chinthu chofiira, cha nkhope yosagwedezeka, chinatulukira m'chimangamo chikupalasa njinga.

Palibe aliyense wa ife amene anaganizirako kuti kwathu kuno munthu wobisa nkhope wotulukira kutchire ana amamudziwa kale.

"Chilombo!" anakuwa mwana wina.

Pabwalo panasanduka chipwirikiti. Ena analowa pansi pa nkhokwe, wina anakwera mumtengo wa mango ndi suti yake ya Khirisimasi, kamwana kena kanangoima n'kudzikodzera. Galu wathu, amene amadya m'manja mwa achimwene tsiku lililonse, anawalumphira n'kugwira jombo. Njinga inagwa, pilo uja anatsetserekera kumbuyo, mimba ya Fada inakakhala kumatako. Ho ho ho yense uja anaiwalika. Zimene tinamva m'kati mwa chigobamo zinali zakuti, "Odi! Odi kuno! Gwirani galuyo!"

Mayi wina woyandikana nafe, amene kwawo gule ndi wawo, anafika akuthamanga n'kuyamba kuwomba m'manja, kudikira kuti chivine. Amayi anga anagwira mutu. Gule pakhomo pawo, tsiku la Khirisimasi, iwo ali mu yunifolomu! Ine ndinali nditatsamira mtondo, mpweya utandithera ndi phwete.

Amene sanathawe anali mwana wanga yekha. Anayenda pang'onopang'ono mpaka pamene panali mlendoyo, anagwada, n'kutambasula manja awiri. Achimwene anakumbukira ntchito yawo, anakulitsa mawu, n'kumupatsa jumbo ya mphatso.

"Zikomo, agogo," anatero mwanayo ndi kamawu kakang'ono.

Mvula inayamba kudontha nthawi yomweyo, ndevu za thonje zinayamba kulemera, utoto wa malaya unayamba kusuluka, ndipo Fada Khirisimasi anadzutsa njinga yake n'kuthawira komwe anachokera, galu ali pambuyo.

Mu jumbomo munali diresi, maswiti, ndi nsapato zakuda zonyezimira za kalamba pamwamba. Mwanayo anakana kuzivala, ati kunja kuli matope. Tsiku lonse anazinyamula m'manja, akuonetsa aliyense, ndipo anadya mpunga zili pamiyendo pake. Sindinamuonepo atakondwa chonchija, ndipo nanenso ndinakondwa kwambiri.

M'mawa mwake ndinamupeza pakhonde atasamba kale, atavala diresi latsopano, m'khwapa atapanira msoti wake umene agogo ake anamupatsa kuti aziweta.

"Tiyeni, amama, tikathokoze. Paja mumati munthu akakupatsa chinthu umalawirira kukathokozanso. Nkhukuyi ndikawapatsa."

Ndinayang'ana amayi. Amayi anayang'ana kumbali. Achimwene anali atabwera kudzamwa tiyi, khosi lonse lili lofiira ndi utoto umene unakana sopo, ndipo anaweramira m'kapu.

"Amakhala kutali, mwanawe. Kuseri kwa phiri la Ntchisi."

"Tikwera minibasi."

"Minibasi sifika kumeneko."

"Ndiye tikwera kabaza. Iwo aja anabwera panjinga."

"Yankha," anatero amayi, akupemerera tiyi wawo. "Mlendo ndi wako."

Foni inandipulumutsa. Nthawi imene tinapangana kuti ndiwaimbire bambo a mwana inali itakwana, ndiye tinathamangira kuchulu, mwana, nkhuku ndi ine. Ndinaimba n'kuika mokweza kuti tonse timve. Mwanayo anafotokoza zonse mopanda kupuma, za njinga, za galu, za anzake amantha, za nsapato. Kumbali inayo bambo ake ankaseka ngati mwana, n'kumafunsa kuti kenaka, kenaka? Atamaliza, mwanayo anatsitsa mawu ngati munthu wamkulu amene akupepesa maliro.

"Adadi, inu musadandaule kuti simunanditumizire kanthu. Sindinakwiye. Ndikudziwa kuti munaiwala chifukwa muli kutali. Fada Khirisimasi ndi amene sanandiiwale."

Ine ndinkadziwa mmene nsapato zimenezo zinapezekera. Munthuyo ankatsuka magalimoto a anthu m'chisanu cha kumeneko manja mpaka kung'ambika, ndipo chimene ankaopa kuposa china chilichonse chinali chakuti mwana wake adzamuyesa munthu amene anapita n'kuiwala kwawo. Anayesa kuseka, koma kuseka kwake sikunamveke bwino. Atandipempha kuti ndichotse mokweza, anati, "Musamuuze, amake mwana. Musiyeni asangalale."

Ndinatsika pachulupo mtima ukuwira. Ndinakwiyira iwo, ndinakwiyiranso nkhalamba ya m'masitolo a ku Joni imene inali kudya zikomo wa mwana wanga osakhetsa thukuta ngakhale dontho. Anthu amakangana ngati n'koyenera kuwasiya ana kuti azikhulupirira zinthu zoterezi, ndipo ine sindiletsa a kwawo kumene zinachokera. Mwina kumeneko bambo amakhala pompo pamphasa mwana akamatsegula mphatso, ndiye palibe chimene amataya. Wanga anali ndi foni yokha basi.

Mwanayo za ulendo wake sanasinthe. Anandipatsa nkhuku kuti ndimugwirire, anakhala pakhonde, anapukuta mapazi, n'kuyamba kuvala nsapato koyamba. Yakumanzere inalowa. Yakumanja inakana. Analowetsa zala n'kusolola kansalu ka maluwa achikasu, mfundo yake ili pomwepo. Bambo ake anakaiwala m'menemo atatha kuyeza m'sitolo.

Anakayang'ana nthawi yaitali.

"Amama, aka si kaja tinatumiza kwa adadi?"

"Mwina anakumana panjira," anayamba achimwene, "n'kupatsirana..." Amayi anawayang'ana kamodzi kokha ndipo mawuwo anathera pomwepo.

Bodza lina linali pafupi, ndipo mwanayo akanalilandira. Koma ine ndinali nditatopa. Ndinakhala naye pansi n'kumuuza kuti nsapatozo anagula ndi adadi ake, kuti anayenda ndi kansaluko m'thumba sitolo ndi sitolo, akuyeza nsapato imodziimodzi mpaka anapeza yofanana ndi phazi lake.

"Nanga Fada Khirisimasi?"

Ndinaloza khosi la amalume ake. Ndinkadikira kuti alire. Anayang'ana khosilo, anayang'ana majombo awo amene anali ndi zizindikiro za mano a galu, kenaka anakwinya mphuno.

"N'chifukwa chake ankanunkha fodya."

Amayi ndi amene anayamba kuseka, mpaka tiyi kutayikira pachitenje. Achimwene anadandaula kuti iwo analumidwa ndi galu mwaulere. Mwanayo sanaseke nawo. Anaimirira, nsapato imodzi kuphazi, n'kundikoka dzanja.

"Imbaninso."

Tinakweranso pachulu. Foni itayankhidwa anandiuza kuti ndiigwire ine. Iye anagwada pamatope pomwepo ndi diresi lake latsopano, n'kuyamba kuwomba m'manja mwaulemu monga mmene agogo ake anamuphunzitsira.

"Zikomo, adadi, chifukwa cha dzulo lija."

"Amake mwana, chikumveka n'chiyani kumeneko?"

"Mwana wanu wagwada. Akukuwomberani m'manja."

Ndinangomva akupuma, kenaka akumina. Mayunitsi ankatha ine ndikuona, koma sindinadule.

Titatsika, mwanayo anatenga kansalu kaja n'kumangirira kumwendo kwa msoti uja, monga timachitira pofuna kuti nkhuku idziwike mwini wake. Analengeza kwa tonse kuti imeneyo ndi ya adadi, wina asaigwire. Inaikira, inaswa, inakalamba. Alendo akabwera tinkapha zina. Kansaluko kakamasuka ankakamanganso, mpaka maluwa ake anafufutika. Tsiku limene bambo ake anatsika minibasi pa Malomo, mwanayo anathamanga kukawachingamira nkhukuyo ataikumbatira pachifuwa. Anali wopanda nsapato, poti zija zinali zitamuthina kalekale.