Galimoto ya Bungwe Itakana Kuzima

Ku Unit N, dera lina la kuno ku Chitungwiza, aliyense amawadziwa kuti Mai Denzel, monga mwa chizolowezi cha kuno choitanira mayi ndi dzina la mwana wake. Ine ndimawaitana a Nankhoma. Mfunda umenewu bambo awo anabwera nawo kuchokera ku Dedza, ndipo sindiona chifukwa choti dzina loyenda mtunda wonsewo lidzafere ku Chitungwiza. Ntchito yawo ndi yokonza injini za dizilo. Galaja alibe. Amagwirira pansi pa mtengo wa mapeyala kuseri kwa nyumba yawo, atavala ovolosi yobiriwira ndi duku kumutu.

Bambo awo ankayendetsa ndi kukonza mathirakitala pa famu ina cha ku Beatrice. Ana aamuna anali nawo atatu, koma wokonda kugwira sipanala anali wamkaziyu. Famu itasintha eni, banja lonse linachotsedwa pakomboni n'kudzafikira kuno. A Nankhoma anapeza ntchito pa galaja ya kampani ina ya mabasi, koma poti analibe pepala la sukulu ya zaumisiri, anawalemba ngati wotsuka zitsulo. Zaka khumi ndi chimodzi ankatsuka zitsulo uku akulozera anyamata a mapepala pamene pali vuto. Ine ndinawalembera kalata zitatu zodandaula kwa mabwana. Palibe imene inayankhidwa. Kampani ija inagwa, ndipo sindinaimvere chisoni.

Ife ana a anthu ochokera ku Malawi tili ndi bungwe lathu lothandizana pa maliro ku St Mary's. Chuma chake chachikulu ndi galimoto yakale ya dizilo, ija yokoka ndi matayala onse anayi, yotsegula kumbuyo. Ndiyo imanyamula bokosi, nkhuni ndi ndiwo, ndipo ndiyo yokha imafika kumanda a m'mafamu nthawi ya matope. Kukakhala kulibe maliro, membala amatha kuibwereka kukatuta chimanga ku Seke. Woyendetsa wake ndi Obadiah Kamanga, munthu wofatsa amene wasunga kiyi wake zaka khumi ndi zinayi. Kangachepe kamene bungwe limamupatsa ndiko kamadyetsa banja lake.

Chaka chatha Obadiah anachoka milungu isanu kukadwazika amayi ake ku Mutorashanga, kiyi anasiyira wapampando wathu, a Hezekiah Mvula. Anabwera Lachitatu, ndipo Lachinayi m'mawa anamutuma kale ku Huruyadzo kukatenga kabichi ndi tomato wa pamaliro. Atangoima pafupi ndi misika, injini inayamba kulira yokha, kukwera, kukwera, mpaka kufika pokuwa ngati chigayo chopanda chimanga. Utsi unaphimba msewu. Makombi, maminibasi a kuno, anabalalika. Azimayi a pamsika ankakuwa m'chilankhulo cha kuno kuti azimitse galimoto: "Dzimai mota! Dzimai mota!" Obadiah anazimitsa, n'kuzula kiyi, n'kumukweza m'mwamba kuti anthu aone, koma injini inkangokuwabe. Ndiye anaponda buleki ndi mphamvu zake zonse, n'kulowetsa giya lomaliza, n'kusiya kalachi. Galimoto inadumpha kamodzi, inagwetsa tebulo la tomato, injini n'kukhala chete.

A Hezekiah sanafunse zambiri. Analanda kiyi tsiku lomwelo, akunena kuti Obadiah anali ataledzera ndipo anapondereza moto mpaka kuwononga pampu ya dizilo. Anaitanitsa komiti Loweruka kuti amuchotse. Mphwawo wa a Hezekiah anali atangotenga kumene laisensi, ndipo zimenezo ndikungozitchula. Anthu awa ndi omwewo amene anandichotsa paulembi chifukwa chokana kusintha mawu a m'kaundula wa misonkhano. Ndinakwera kombi kupita ku Unit N kukaitana a Nankhoma.

Loweruka m'mawa a Nankhoma anafika pabwalo la tchalitchi, pomwe galimoto inakokeredwa, atanyamula chikwama cha zida, chidebe chachikulu ndi kathabwa kosalala. Komiti yonse inali pamipando pansi pa mthunzi. Obadiah anali chiimire patali, chipewa m'manja.

"Mai Denzel, mwadzivutiranji?" anatero a Hezekiah. "Vuto tikulidziwa. Ndi pampu, komanso phazi la munthu wa mowa."

"Ndamva, a wapampando. Poti ndabwera kale, ndiloleni ndipatse moni odwala, galimoto yathuyi." Anatembenukira kwa Obadiah. "Achimwene, tasenderani kuno. Utsi unali wotani?"

"Wotuwa, achemwali. Wopita kobiriwira."

"Osati wakuda?"

"Ayi. Ndipo unkanunkha ngati chiwaya chopserera."

"Mutazula kiyi inachepetsako?"

"Mpang'ono pomwe."

"Kiyi wa galimoto iyi amatseka dizilo," anatero a Nankhoma, akuyang'ana komiti. "Munthu ngakhale ataledzera chotani, sangapondereze dizilo wotsekedwa. Ngati inkalirabe, ndiye kuti inkadya china."

"Chiyani, mphepo?" anaseka a Julia Zimba, msungichuma wathu, amene amaseka chilichonse chimene a Hezekiah angasekere.

"Mphepo inkadya ndithu, amayi. Tikufuna tidziwe ndiwo yake."

Sanailize injini. Anatsegula boneti, n'kuyamba ndi chomwe a wapampando ankakayikira. Anakoka waya wochokera ku chopondera moto, n'kumusiya, ndipo anabwerera yekha bwinobwino. Anagwedeza kamkono ka pa pampu, kanali komasuka. Kenako anamasula payipi yaikulu yolowetsa mpweya mu injini, n'kupisamo dzanja. Linatuluka lakuda bii, oyilo akuchucha mpaka m'chigongono.

"Ndiwo ija ndi iyi. Injini ya dizilo sisankha. Ikapeza oyilo wake m'njira ya mpweya imamuwotcha ngati dizilo, ndipo ikamathamanga imakoka wina wambiri. Ikanapitirira pang'ono ikanadziphulitsa. Funso n'lakuti wafika bwanji kuno."

Anasolola chopimira oyilo, n'kuchipukuta, n'kuchibwezera, n'kuchisololanso. Oyilo anali atapitirira kutali mzere wa pamwamba. Anamununkhiza. Anapempha pepala, ndipo ine ndinang'amba m'kabuku kanga. Anadontheza dontho limodzi n'kuliyang'anitsitsa.

"Nthawi zina dizilo amadonthera mu oyilo n'kumuchulukitsa. Akanakhala ameneyo, dontho ili likanamwazika msanga, n'kusiya mkombero wowala. Ili langokhala phee. Uyu ndi oyilo yekhayekha, ndipo sanabadwiremo. Wina wachita kuthira."

Anagona pansi pa galimoto, mayi wa zaka makumi asanu ndi zinayi, n'kumasula bawuti ya pansi. Oyilo anatsikira m'chidebe. Anafika pamzere umene iwo anajambula ndi msomali, wosonyeza muyeso wa injini yotereyi, n'kupitirira, n'kumangotsikabe. Komiti inasiya kuseka.

"Achimwene, anthu akabwereka galimoto amabweza bwanji?"

Obadiah anayang'ana pansi. "Amabwera ndi kabotolo ka oyilo, achemwali. Kuthokoza. Ine ndimalandira n'kusunga kuseri kwa mpando, ndimathira pokhapokha akachepa."

Apa ndipo panali nkhani. Ife tinaleredwa kuti mbale ya mnansi siibwezedwa yopanda kanthu. Dizilo wa lita imodzi saoneka n'komwe mu thanki, ndipo munthu umachita naye manyazi. Koma kabotolo ka oyilo, kaja amagulitsa m'mbali mwa msewu ku Makoni, kamaoneka m'manja. Ndiye chinakhala chizolowezi chathu. Obadiah atachoka panalibenso wolandira mabotolo, ndipo inali nyengo yokolola, galimoto sinkagona.

"Amene anathira m'milungu isanu imeneyi, takwezani mkono," anatero a Nankhoma. "Si mlandu, ndikungofuna kudziwa odwala anadyetsedwa kangati."

A Saulos, mkulu wa mpingo, ndiwo anayamba kukweza. Anatsatira ena awiri. A Julia anakweza chala chokha. Ine sindiyendetsa, koma mkamwini wanga anandinyamulira matumba anga a chimanga, ndipo kabotolo ndinamugulira ndine, n'kuimirira pomwepo kuti ndione kuti wathiradi. Ndinakweza.

"Nanga a wapampando?" anafunsa a Saulos. "Paja ndinakupezani Lamlungu lija muli ndi fanelo."

"Ndinkasamalira katundu wa bungwe," anatero a Hezekiah.

"Kangati?"

"Kawiri."

"Mwaidyetsa ngati mkamwini wofika kumene," anatero a Nankhoma. "Oyilo akachuluka chonchi, zitsulo za pansi zimamupuntha, amachita thovu, n'kukwera ndi kapayipi kopumira injini mpaka kulowa m'njira ya mpweya. Achimwene, lanu ndi limodzi, musaganize kuti mwapulumuka. Munayenda osapima."

"N'zoona, achemwali. Anandithamangitsa ndi maliro."

"Maliro sathawa. Muzipima. Koma chomwe munachita pa Huruyadzo, anyamata anga a ku galaja kuja akanathawa n'kusiya galimoto ipse. Injini iyi ili moyo chifukwa cha inu."

A Hezekiah anati komiti yamva, nkhani ya woyendetsa idzaonedwa tsiku lina, ndipo kiyi akhala akusunga iwo. Kupepesa sikunatuluke pakamwa pawo, ndipo mpaka lero sikunatuluke.

A Nankhoma anabwerera ku injini. Anatsuka mapayipi ndi sefa ya mpweya, n'kupukuta m'kati monse momwe dzanja likanafika. Anathira oyilo wa muyeso wake, n'kupima kawiri. Payipi yaikulu anaisiya yomasula, n'kuima pafupi ndi kukamwa kwa injini atagwira kathabwa kaja.

"Muli oyilo wina wotsalira m'kati momwe sindingafike. Tikailiza ikhoza kuthawanso. Ikatero ine nditseka mpweya ndi thabwali, osati ndi dzanja, chifukwa imayamwa mpaka khungu. Thabwa likalephera, wa pachiwongolero aizimitse ndi giya. Ndani akwere?"

"Ndikwera ine," anatero a Hezekiah.

"Munaizimitsapo injini yothawa, bambo?"

"Ayi, koma..."

"Mutu wanga uli mu boneti muno. Ndili ndi zidzukulu. Ndikufuna amene anaizimitsapo kale, apo ayi itanani wina adzailize."

A Hezekiah anayang'ana komiti, komiti inayang'ana chidebe. Anapisa m'thumba la jekete, n'kupereka kiyi kwa Obadiah osamuyang'ana kumaso.

Injini inalira. Inatulutsa utsi wotuwa, inakwera pang'ono, a Nankhoma n'kusendeza thabwa pafupi. Inakweranso, kenako inatsika, n'kuyamba kugunda mwakachetechete monga tinaizolowera. Anaisiya ilire mpaka utsi utayera, n'kubwezera payipi. Obadiah anazimitsa, ndipo inazima. Anatsika, n'kuika kiyi m'thumba lake la malaya, n'kumanga batani. A Saulos anafunsa ngati alipo wofuna kuti msonkhano upitirire. Anthu anangoyamba kunyamula mipando kubwezera m'tchalitchi.