Chiperoni, Makoswe ndi Alamu Anga

Amuna anga anagwa mu Epulo ali kubafa. Madokotala ku Boma anati ndi sitiroko. Pobwerera kunyumba, dzanja ndi mwendo wakumanja zinali zosagwira, ndipo Chingerezi chonse chimene ankalamulira nacho anthu mu fakitale ya tiyi chinali chitawathawa. Anatsala ndi Chichewa chodukaduka ndi Chilomwe cha amayi awo.

Galimoto yawo inangokhala mu galaja. Anaigula chaka chimene anapuma ntchito, ya mtundu uja woyendera petulo ndi magetsi omwe. M'mbali mwake muli kachitseko, umalowetsamo chingwe n'kulumikiza pa soketi ngati foni. Anthu kuno ankaiseka, amvekere munthu wanzeru sangagule galimoto yodya magetsi kudziko kumene magetsiwo amabwera ngati mlendo. Koma mafuta atasowa, anzawo akuchezera pamzere ku Bvumbwe, iwo ankangodutsa mwakachetechete atakweza dzanja.

Ine laisensi ndinali nayo. Ndinaitenga kalekale ndili namwino pachipatala cha pa esiteti, koma chiwongolero ndinali nditachiiwala. Pakhomo pathu woyendetsa anali mmodzi.

Juni atalowa ndi chiperoni chake, kunabwera alamu anga, mng'ono wawo wa amuna anga, amene ali ndi sitolo ku Limbe. Anakhala ndi odwala pang'ono, kenako anandiitanira pakhonde.

"Alamu, galimoto ija ikuwola. Galimoto si kabati. Bwanji ndiitenge, ndizikakusungirani ku tawuni?"

"Eni ake mwawafunsa?"

"Aaa, inunso. Achimwene panopa angayankhe chiyani?"

Zenera la kuchipinda linali lotsegula, moti ndikudziwa kuti anamva.

"Makutu awo ali bwinobwino," ndinatero. "Pavuta ndi pakamwa pokha. Galimoto ikhala pompano."

Anaseka n'kunena kuti tiona ngati idzafike Ogasiti.

Atangochoka ndinatenga makiyi. Nditatsegula chitseko, fungo la chinyezi linandilandira. Mipando ndi chiwongolero zinali zitachita chuku, pansi pali zitosi za makoswe. Ndinadina batani loyatsira, zii. Ndinadinanso, ziii. Chimene chinandiwawa kwambiri n'chakuti alamu sananame. Ndinakhala momwemo n'kuitukwana galimotoyo, chiperoni, ndi alamu omwe.

Mtima utatsika ndinawakankha abambo pa njinga yawo ya olumala mpaka ku galaja. Ndinawauza kuti chinthu chawochi chafa, andiuze chochita. Analimbana ndi mawu mpaka thukuta pamphumi, kuzizira konse kuja.

"Laling'ono," anatero, akuloza ndi dzanja lamanzere.

Zinanditengera nthawi kuti ndimve. Galimotoyo ili ndi mabatire awiri. Lalikulu lili pansi, ndilo loyendetsa. Laling'ono ndilo limadzutsa zonse, ndipo galimoto ikakhalitsa osayatsidwa, ilo limayamba kufa. Ndinaitanitsa makaniko wa ku Luchenza, anabwera pa kabaza ndi batire lake n'kuidzutsa. Akupukuta m'manja anati, "Mayi, zamagetsizi n'zovuta. Mukanangogulitsa." Ndinamuthokoza, n'kumuuza kuti ndinamuitanira batire, osati malangizo.

Kuyambira tsiku limenelo ndinali ndi odwala awiri. Ndikawasambitsa abambo n'kuwapatsa mankhwala, ndinkapita ku galaja. Chuku ndinachotsa ndi viniga. Ndinaika makala m'lichero pampando wakumbuyo kuti azimwa chinyezi, ndipo dzuwa likangosuzumira ndinkatsegula zitseko zonse. Nditatukula boneti ndinapeza chisa cha makoko a chimanga pamwamba pa injini penipeni, mwayi wake mawaya anali asanawatafune. Matumba a chimanga amene anali mu galajamo ndinawakokera ndekha ku khitchini, ndinatchera misampha, n'kukabwereka mphaka kwa aneba. Mphakayo anali waulesi, ankangogona pa denga la galimoto, koma makoswe anachepa.

Magetsi akabwera ndinkasiya chilichonse n'kuthamangira chingwe. Nandolo anapserera kangapo chifukwa cha zimenezi. Abambo ankakhala pakhomo pa galaja atafunda bulangete, akuyang'ana timizere tosonyeza mphamvu ya batire. Tikapitirira theka pang'ono, ankamenya mkono wa njinga yawo n'kuti, "Basi!" Batire lalikulu silifuna kukhala lodzaza kwambiri pamene galimoto sikuyenda, komanso silifuna kusiyidwa lopanda kanthu. Zimenezi anandiphunzitsa liwu limodzilimodzi, masiku angapo, nthawi zina mpaka kukwiyirana.

Chinatsala n'chimene ndinkachizemba. Petulo akakhalitsa amawonongeka, matayala amaphwa mbali imene yagonera pansi, mabuleki amachita dzimbiri. Mankhwala a zonsezi ndi amodzi, kuyenda.

Loweruka lina m'mawa ndinawakweza abambo pampando wakutsogolo n'kuwamanga lamba. Chifunga chinali chitakuta minda ya tiyi, mitengo ya bulugama ikuoneka nsonga zokha. Ndinayamba kubwerera m'mbuyo, mabuleki akulira ngati chitseko chakale, ndipo ndisanafike pa geti ndinagunda mtengo wa mapeyala. Pamenepo abambo anatulutsa mwano wa Chilomwe umene sindinawamvepo akuunena zaka zonse za ukwati wathu. Unatuluka wathunthu, osadukiza n'komwe.

"Kodi pakamwa pachira?" ndinawafunsa.

Anayang'ana kumbali, phewa likugwedezeka ndi kuseka.

Tinalowa mumsewu wa fumbi wa pa esiteti, umene tsiku limenelo unali woterera. Inali nyengo yodulira tiyi, anthu ali m'minda ndi zikwanje atavala mapulasitiki. Galimoto imeneyi ikamayendera magetsi siimveka, moti amayi atatu osenza nkhuni anayenda patsogolo panga mtunda ndithu osadziwa kanthu, ine ndikuchita manyazi kuimba hutala. Pachitunda chotulukira ku tala, injini inadzuka yokha ndi mkokomo. Ndinaganiza kuti ndaswa china chake, koma abambo anandigwira bondo n'kuti, "Tiyeni." Tinakafika ku Luchenza, ndinagula tomato osatsika n'komwe, n'kubwerera. Loweruka lotsatira tinapitanso.

Alamu sanagone. Anaimbira mwana wathu wamkazi amene amakhala ku Lilongwe, iye n'kundiimbira ine.

"Amayi, mukudzivutitsa. Mukadzagwera mu ngalande ndi ababa, tidzatani?"

Ndinamuuza kuti ndinalera iye, ndinalera odwala a esiteti yonse, galimoto imodzi singandikanike. Ndinamuuzanso kuti akafuna kuthandiza atumize pampu ya matayala. Anaitumiza.

Chakumapeto kwa Julaye, tikuchokera ku ulendo wathu wa Loweruka, tinapeza alamu ali pakhonde ndi bambo wina amene anati ndi dalaivala. Anabwera pa minibasi, poganiza kuti abwerera pa galimoto. Ataiona ikulowa pa geti anaimirira. Anayang'ana pamene ndinagunda paja, n'kupukusa mutu.

"Mwaona nanga? Tsikani alamu, ndiilowetse mu galaja, kenako tikambirane ngati akuluakulu."

Sindinatsike. Ndisanayankhe, abambo anatsitsa galasi ndi dzanja lamanzere. Anawayang'ana mng'ono wawoyo nthawi yaitali, milomo ikugwedera. Tonse tinadikira.

"Wabwera... kudzaona ine?"

Alamu anazyolika. Anati eya, abwera kudzaona achimwene.

"Khala pansi," anatero abambo.

Ndinailowetsa mu galaja chobwerera m'mbuyo, onse akuonerera. Koyamba ndinalephera, kachiwiri ndinalepheranso, dalaivala uja akukupiza manja, ine osamuyang'ana n'komwe. Kachitatu inalowa. Ndinawaphikira tiyi ndi chinangwa, ndipo za galimoto palibe anazitchulanso.

Madzulo mvula yowaza inayambiranso, ndipo msewu wopita ku siteji ndi wautali. Ndinawauza kuti akwere ndikawatule. Pampando wakutsogolo panakhala eni ake, alendo awiriwo kumbuyo, lichero la makala lili pamiyendo pa alamu. Njira yonse alamu ankandiuza kuti ndisinthe giya, pa galimoto yosintha yokha. Nditawatsitsa pa Luchenza alamuwo anawerama pa zenera n'kunena kuti tayala lakumbuyo likuoneka lophwa. Ndinatsika mumvula momwemo n'kuliyang'ana. Linali bwinobwino.