Manja Amene Sawakha Mfuti

Akulu ena ake oweta ng'ombe kufupi ndi tauni ya Laredo amayenda ndi mfuti m'chiuno: kanyundo kophulitsira chipolopolo kali chikokere, loko woletsa mfuti kulira ali wotseka, pokhethemulira pataphimbidwa ndi chikwama chachikopa. "Chala chilibe nzeru," amatero. Koma manja awo, abale, amagwira ntchentche ikuuluka!

Tsiku lina akuwotcha nyama pakhonde, chikwamacho chidang'ambika, mfuti n'kupulumuka. Inali ya malemu bambo awo, koma iwo adangokweza manja m'mwamba, n'kuisiya imenyetseke pasimenti. Chogwirira chake chidasweka.

"Iii, inu nomwe ogwira ntchentchenu, osaiwakha bwanji?" adadandaula akazi awo, a Ofelia.

Akuluwo adatola zidutswazo misozi ili lengelenge.

"Powakha, chala chimalowa pomwe sunachitume," adayankha. "Ndipo patsogolo pangapa munaima ndinu, mayi."