Windo Yanga, Dzina la Ankolo

Ndinali ndi zaka khumi ndi zitatu pamene a landilodi anatiuza kuti nyumba yomwe tinkachita lendi ku Balbriggan, kudziko la eni, akuigulitsa. Tinkakhalamo anthu atatu: ine, amayi, ndi ankolo a Lameki, omwe ankagona m'kachipinda koyang'ana ku njanji. Sanali abale athu enieni. Amayi anakumana nawo kutchalitchi ankolowo alibe pogona, ndipo poti onse kwawo ndi ku Ntcheu, anawatenga ngati mlongo wawo.

Ankolo ankaphunzira za makompyuta, ndipo ndi iwo anandiphunzitsa kulemba mapulogalamu m'chinenero cha kompyuta cha Python. Poyamba zinkandibowa, chifukwa chilichonse chomwe ndalemba chinkangotuluka ngati timalemba toyera pa sikirini yakuda. Tsiku lina anati, "Dikira ndikuonetse Tkinter, chida chopangira mawindo ndi mabatani, uona." Analemba mizere yochepa chabe, ndipo kawindo kanatseguka, kali ndi batani limodzi pakati. Ndinalidina mpaka chala kuwawa. Anandionetsa mmene umamangirira batani ku ntchito yake, mmene umayalira zinthu kuti zisapanikizane, ndiponso kuti ukaiwala mzere womaliza wa mainloop, windoyo imangophethira n'kuzimiririka.

Amayi ankagwira ntchito yosamalira okalamba m'makomo mwawo, ndipo mashifiti ankasinthasintha mpaka kuwazunguza mutu. Ndiye ndinawapangira pulogalamu yoti akadina tsiku, iziwauza khomo lopitako ndi sitima yokwera. Ndinailimbikira nyengo yonse yozizira, zala zili gwa, poti hita tinkayatsa mwa apo ndi apo. Pamwamba pa windoyo ndinalembapo dzina langa, Tadala. Ndinkayenda mapewa ali m'mwamba ngati ndamanga nyumba ya malata.

Nyumba yeniyeni ndiye inkavuta. Kulikonse komwe tinkapita kukaona, tinkapeza mzere wa anthu mpaka kumsewu, ndipo eni ake ankafuna anthu awiri a ntchito zokhazikika, osati mayi mmodzi wa mashifiti. Chiyembekezo chathu chonse chinali pa ankolo, omwe anali ataitanidwa ku intavyu ya ntchito yabwino.

Loweruka lina masana ndinawapeza atatsegula pulogalamu yanga pa laputopu yawo. Mabatani anali anga, mitundu inali yanga, koma pamwamba panali dzina lawo. Ndinkadziwa kuti kusintha kumeneko ndi mzere umodzi basi, chifukwa anandiphunzitsa ndi iwo omwe.

"Usadandaule, Tada," anatero osandiyang'ana. "Ku interview amafuna uwaonetse project. Ndikaipeza job imeneyi, ndiye kuti nyumba tapeza tonse. Si za ine ndekha izi ayi."

Mtima unandiwawa, koma ndinangolimba. Dzina n'chiyani poyerekeza ndi denga? Ndinachita kuwakonzeranso batani lina lomwe linkavuta, kuti asakachite manyazi pamaso pa mabwana.

Ntchito anaipezadi. Amayi anaimba nthungululu m'khitchini mpaka aneba kugogoda khoma. Patangopita masabata ochepa, ndikuchokera kusukulu, ndinapeza sutikesi ya ankolo ili pakhomo, galimoto ikudikira panja.

"Achemwali, ndapeza ka room ku Lucan, pafupi ndi ku ntchito," ankawauza amayi. "Ndi anyamata a ku office. Ndikakhazikika ndidzakuimbirani."

Amayi anangoti, "Muyende bwino, achimwene," n'kuwanyamulira chikwama mpaka pagalimoto. Ine sindinatuluke. Nthawi yosamuka itakwana, ife awiri tinakathera m'chipinda chimodzi cha hotela ina yomwe ankasungirako mabanja osowa pokhala. Kuphika kunali koletsedwa, homuweki ndinkalembera pabedi, ndipo anzanga a kusukulu ndinkawabisira komwe ndikugona. Amayi ankangoyang'anayang'ana foni, koma ankolo sanaimbe.

Lero ndimalemba mapulogalamu, ndipo ndi ntchito yomwe imatisunga ine ndi amayi m'nyumba yathu. Chaka chatha tinakumana ndi ankolo pa ukwati wa Amalawi ku Crumlin, atanenepa, mimba ikutsogola. Anandigwira paphewa n'kuuza anzawo mokweza kuti, "Uyu ndi mwana wanga, ndinamuphunzitsa ndine!" Sananame, ndipo n'chimene chinandipsetsa mtima kwambiri. Ndazindikira tsopano kuti munthu akhoza kukupatsa luso ndi mtima wake wonse, yemweyo n'kukusiya pamvula, ndipo chimodzi sichifafaniza chinzake. Amayi anandigunda ndi chigongono kuti ndiyankhe mwaulemu. Ndinati, "Zoona, ankolo," kenako ndinachotsa dzanja lawo paphewa langa pang'onopang'ono, anzawo onse akuona.