Malungo amene ndinabisa ku Kanakantapa

Chizindikiro choyamba chinali kuzizidwa. Linali Lachiwiri m'mwezi wa Febuluwale, dzuwa lili paliwombo, koma ine ndinkanjenjemera nditaimirira pamjigo, ndikuphunzitsa amayi kuthira mankhwala m'madzi akumwa. Mutu unayamba kuwawa cha kumphumi, ndipo m'mawondo munalowa ulesi.

Kwathu ndi ku Dedza. Ndinapita ku Zambia ngati wogwira ntchito mongodzipereka, kukathandiza za umoyo m'midzi ya ku Kanakantapa, m'boma la Chongwe, kwa chaka chimodzi. Ndinkakhala m'nyumba ya Amai Tembo, mayi wamasiye wolima chimanga ndi tomato, amene anachokera ku Katete kalekale. Anali mayi wapakamwa, wosachedwa kukalipa komanso wosachedwa kuseka, ndipo ndinawakonda kuyambira sabata yoyamba.

Madzulo a tsikulo ndinatenga kachipangizo koyezera malungo m'chikwama changa cha ntchito n'kudzibaya chala. Panatuluka mzere umodzi, kusonyeza kuti malungo palibe. Ndinkadziwa bwino kuti tsiku loyamba kachipangizoka kakhoza kulephera kuwapeza, ndipo munthu ayenera kuyezedwanso ngati thupi likupitiriza kutentha. Ndinali nditauza anthu ambirimbiri zimenezi ndi pakamwa panga pomwe. Koma ndinasankha kukhulupirira mzere umodziwo chifukwa ndinali ndi mantha. Bungwe limene linatitumiza linali ndi lamulo lakuti wodwala mpaka kugonekedwa m'chipatala azibwezedwa kwawo, ndipo ine ndinatsala ndi miyezi inayi. Sindinkafuna kuchoka.

Lachitatu ndi Lachinayi ndinamwa panado n'kupalasa njinga kupita kumidzi monga mwa masiku onse. Ndinkasanza kuseri kwa chimbudzi kuti asandione. Amai Tembo anandiyang'anitsitsa nditavala juzi masana, koma ndinawanamiza kuti ndi chimfine. Ndinaonjezera kuti ndadziyeza kale, ndipo iwo anandikhulupirira poganiza kuti wa zaumoyo ndine.

Lachisanu m'mawa ndinalephera kudzuka. Mkodzo unali utada ngati tiyi wopanda mkaka, maso atachita chikasu, ndipo akuti ndinkawaitana Amai Tembo ndi dzina la mchemwali wanga. Iwo sanandifunsenso maganizo. Anaimitsa kalole ka mnansi kamene kanali kupita kumsika katanyamulanso tomato wa Amai Tembo, natsitsa mabokosi a tomato wawoyo n'kundigoneka pamalopo.

Kuchipatala chaching'ono cha m'deralo anandiyeza, ndipo mizere iwiri inatuluka nthawi yomweyo. Namwino, amene tinkagwira naye ntchito, anandifunsa tsiku limene ndinayamba kumva kutentha. Nditamuuza anapukusa mutu. “Ba sisita, imwe bamene muphunzisa bantu?” Manyazi anandigwira kuposa ululu wa mutu. Anandibaya jakisoni woyamba n'kulemba kalata yotitumiza kuchipatala chachikulu ku Chongwe.

Kumeneko tinadikira pabenchi mpaka dzuwa litapendeka, kenaka bedi linapezeka. Anandiika diripi, nanditenga magazi, ndipo dokotala anati ndi malungo aakulu, magazi achepa, impso nazo zayamba kutopa. Polemba fomu anafunsa Amai Tembo ubale wawo ndi wodwalayo. Anayankha osaphethira kuti ndine mwana wawo.

Ndinakhala m'wodi masiku asanu ndi limodzi. Moyo wake unali umodzimodzi tsiku lililonse: kuyezedwa kutentha m'mamawa, kukolopa, madokotala kuzungulira, jakisoni wa m'mtsempha pa nthawi yake, kenaka kudikira zotsatira za magazi. Amai Tembo ankandisambitsa, kunditengera kuchimbudzi ndi kundimwetsa phala ndi supuni, uku akundinena kuti ndikudya ngati mwanapiye. Tomato amene anatsitsa pamsewu uja anaonongeka, ndipo udzu unakula m'munda mwawo. Sanatchulepo zimenezi, ndinazimva kwa anthu obwera kudzazonda.

Tsiku lachinayi kutentha kunatsika, ndipo ndinayamba kumwa mapilitsi m'malo mwa jakisoni. Dokotala anandiuza mosapsatira kuti ndikanabwera Lachitatu akanangondipatsa mapilitsi omwewo n'kundibweza kunyumba, koma ndikanachedwa tsiku lina limodzi nkhani ikanakhala ina. Atachoka, Amai Tembo anakhala pamphepete pa bedi nandigwira dzanja. Kwa masiku onsewo anali asanandikalipire. “Iwe mwana,” anatero, “ukanafela mu nyumba mwanga, nikanabauza chani bamai bako?” Ndinalira, iwonso analira, mpaka mayi wa bedi loyandikana anatiuza kuti tikumudzutsira mutu.

Chimene ndinkaopa chinachitikadi. Mkulu wa bungwe anabwera, ndipo ananena mwaulemu kuti ndiyenera kukachirira kwathu. Sindinatsutse, chifukwa ndinadzichotsa ndekha. Amai Tembo anandiperekeza mpaka ku Lusaka, nandipatsa mtedza ndi botolo la munkoyo, chakumwa chawo chonga thobwa, ndipo anauza kondakitala wa basi kawiri konse kuti andiyang'anire.

Zinanditengera miyezi iwiri kuti mphamvu zibwerere. Lero ndili bwino, magazi anakwanira, impso zikugwira ntchito, ndipo ndikugwira ntchito pachipatala china kwathu kuno. Kwa aliyense amene thupi latentha ndikuti, pitani kuchipatala tsiku lomwelo. Akakuyezani osapeza kanthu koma kutentha kukupitirira, bwererani mawa lake. Ndipo inu a zaumoyo anzanga, musadziyeze nokha kuchipinda, chifukwa munthu wamantha amaona zimene akufuna kuona.

Amai Tembo timalankhulana pafoni Lamlungu lililonse akaweruka kutchalitchi. Sabata yatha anandiuza, akuseka, kuti masiku ano akangomva kuti mwana watentha thupi m'mudzimo, amapita okha pakhomopo. Makolo akayamba zoti tione kaye mawa, iwo amawafunsa ngati aiwala za mtsikana wa ku Malawi uja. Akuti akangotchula dzina langa, mayi amabereka mwana n'kuuyamba wa kuchipatala.

Ndinaphunzitsa m'midzi imeneyo miyezi isanu ndi itatu, koma phunziro limene anthu analigwira ndi la tsiku limene anandiona nditagona pakalole ka tomato.