Dzenje Limene Linamanga Nyumba ya Achimwene

Achimwene anga ndi oumba njerwa. Dzina lawo lenileni timalidziwa ndife apabanja tokha. Msewu wonse umawatchula kuti a Chikombole, chifukwa chiyambire unyamata wawo sanayendepo opanda chikombole cha njerwa paphewa. Manja awo ndi okhakhala moti akakupatsa moni umayang'ana m'manja mwako ngati khungu latsalamo. Ndi munthu wosalankhulalankhula. Pakamwa ponse pa banja lathu ndinatenga ndine mlongo wawo, ndipo sindipepesa.

Atakwatira anapeza puloti kumapeto kwa msewu, kumene njira imapanikizika pakati pa mipanda mpaka galimoto kulephera kulowa. Anachita zimene woumba aliyense amachita: dothi la njerwa analikumba pomwepo, kuseri kwa malo amene anayeza kuti pakhale nyumba. Ungakasenzerenji dothi kutali pamene ukuliponda? Anakumba, anaponda matope, anaumba, anawotcha uvuni, nyumba ya zipinda ziwiri n'kuima. Nyumba ikukwera, dzenje linkatsika. Ife titabwera kudzaona, maso athu anali pa malata ndi zitseko. Dzenje lofika m'chiuno, lalikulu kuposa pabalaza, tinalilambalala ngati si nkhani. Achimwene ankalinyadira. Mvula ikagwa linkadzaza, alamu n'kumatunga madzi ochapira pakhomo pomwepo, eni ake n'kumapondera matope a njerwa zogulitsa.

Mwana wawo woyamba anali wamwamuna. Tinkamutchula kuti Kapitawo, chifukwa atangoyamba kuyenda ankatsatira bambo ake pamzere wa njerwa, manja kumbuyo, ngati akuyendera ntchito. Tsiku lina anaponda njerwa yaiwisi, kaphazi konse n'kulowamo mpaka chidendene. Woumba wina akanaibwezera m'matope. Achimwene anaiyanika payokha, anaiwotcha pamodzi ndi zinzake, ndipo atayamba kumanga chipinda chachitatu anaiika pafupi ndi khomo, phazi likuyang'ana kunja. Ankati chipindacho n'cha Kapitawo, ndipo mwini wake wasaina kale.

Makoma anafika pamawindo. Mvula ya chaka chimenecho Kapitawo anatentha thupi, anasanza, tsiku lachitatu anakomoka ali kumsana kwa mayi ake panjira yopita kuchipatala. Madokotala anati malungo anafika kumutu. Sanabwerenso. Chipinda chinaima pomwepo, chopanda denga, udzu n'kumera mkati. Achimwene sanaikeponso njerwa, komanso sanalole munthu kuchotsapo ngakhale imodzi. M'mawa uliwonse popita kuntchito ankadutsa pakhomo lija n'kukhudza phazilo ndi chala. Ankaganiza kuti sitiona.

Kenako kunabadwa wamkazi, amene timamutchula kuti Kanjiwa chifukwa amang'ung'udza akamasewera. Uyu anamusamala ngati dzira. Neti inalipo, yosabooka, yopindiridwa bwino pansi pa matiresi. Koma mwana sakhala mu neti tsiku lonse. Dzuwa likangopendeka, pakhonde pawo pankalira udzudzu ngati wailesi yosowa siteshoni. Ine ndikapitako ndinkadya ndikudziomba mbama, ndipo ndinkawauza kuti, "Achimwene, alendo anu ena aja afika kale, ife tizipita." Tinkaseka. Lero ndikakumbukira kuseka kumeneko mtima umandiwawa.

Kanjiwa anadwala malungo mvula itangoyamba. Anachira, anadwalanso. Milomo yake inayamba kuyera. Ndiye kunabwera mayi wazaumoyo amene amayenda m'makomo. Anaona neti, anagwedeza mutu kuti ili bwino. Anazungulira kuseri, anaima m'mphepete mwa dzenje, n'kupempha kapu. Anatunga madzi n'kuwasonyeza achimwene. M'kapumo munali timphutsi takuda tikupindikapindika.

"Awa ndi ana a udzudzu, bambo," anatero mayiyo. "Pakangotha sabata amera mapiko. Madzi alionse oima ndi chisa chawo, ngakhale a m'chitini. Nanga awa a dziwe lonse, pansi pa windo la mwana?"

Achimwene anayang'ana m'kapumo nthawi yaitali. Kenako anafunsa motsitsa mawu, "Ndiye kuti ndi wina uja zinachokera muno?"

Mayiyo anati udzudzu ulibe adiresi, ungachokere kulikonse. Koma achimwene anali atamva kale zimene anamva. Alamu, amene anaima pakhomo ndi mwana kumsana, ndiwo analankhula.

"Bambo a Kanjiwa, ine sindiikanso mwana wina m'manda. Dzenje limeneli lichoke."

Kuyambira tsiku limenelo achimwene analimbana ndi madzi ngati alimbana ndi munthu. Zing'onozing'ono anathana nazo tsiku limodzi. Zitini anatola, beseni anavundikira, mgolo anaupezera chivundikiro, tayala limene nkhuku zinkamweramo analiboola, udzu anatchetcha mpaka kumpanda. Linatsala dzenje.

Anayamba ndi ngalande yoti madzi atsikire kunsi. Ngalande isanafike n'komwe pampanda, aneba a kumunsi anatuluka ndi thaulo paphewa. "A Chikombole, madzi anuwo akalowa m'khitchini mwanga tidana. Inenso ndili ndi ana." Ankanena zoona, ndipo achimwene anakwirira ngalande ija ndi manja awo omwe.

Anakapempha oyilo wakutha kwa makaniko n'kuthira pamwamba pa madzi. Kunanunkha ngati pagalaja, nkhuku imodzi inafa, ndipo mvula yotsatira inasesa oyiloyo n'kusiya madzi atsopano. Anayesa kukapa ndi ndowa, kusenza kukataya kumsewu. Ankakapa m'mawa mpaka msana kukana, masana mtambo n'kubweza zonse mu ola limodzi. Anayenda khomo ndi khomo kupempha zinyalala zoti akwirire. Anthu anapereka mokondwa, poti ndani amakana kutayiridwa zinyalala? Koma zinyalala za m'tauni ndi mabotolo ndi mapepala apulasitiki. Zinangoyandama, ndipo botolo lililonse linasanduka kadziwe kakekake. Anazivuulanso zonse ndi reki.

Chinkafunika ndi dothi, ndipo apa ndi pamene munthu amaseka kuti asalire. Woumba njerwa, amene moyo wake wonse wagwira dothi, analibe dothi. Akakumba pabwalo pake, ndiye kuti wakumba dzenje lina. Lole sikanatha kulowa m'kanjira kaja. Anabwereka wilibala n'kumakapala dothi m'mbali mwa msewu waukulu, mpaka oyang'anira msewu anawathamangitsa. Anakapempha zigumukire pamalo pamene ankamanga sitolo, eni ake anawauza kuti nawonso akuzifuna pamaziko. Mawilibala amene anakwanitsa kubweretsa, dzenje linangowameza, madzi n'kutseka pamwamba ngati sipanagwe kanthu.

Ndinawapeza tsiku lina atakhala pa wilibala, miyendo ili matope mpaka m'mawondo, maso ofiira. Ndinati, "Achimwene, mutu umodzi susenza denga. Itanani amuna anzanu."

"Amuna ndawapeza, achemwali. Dothi ndi limene kulibe." Analoza nyumba ndi chibwano. "Dothi la dzenje ili ndi ilo laimirira apolo."

Sabata yomweyo Kanjiwa anatenthanso thupi. Ulendo uno anaphupha, maso n'kutembenuka, monga anachitira mchimwene wake. Alamu anathamanga naye opanda nsapato. Kuchipatala anamuika dripi n'kunena kuti magazi achepa kwambiri. Ine ndinakhala nawo pabenchi. Achimwene anaima pawindo la wodi, akugwira zitsulo, osalowa, osachoka. Namwino atatuluka anati mwana mwina apulumuka, koma thupi lake silingapirire kudwala kwina chaka chomwechi. Achimwene anamva, anatembenuka, n'kumapita osatsanzika. Ndinakwiya. Ndinati munthu uyu wathawa mwana wake ali pabedi, ndipo ndinawatsatira kunyumba mawu ndili nawo kale pakamwa.

Ndisanalowe pachipata ndinamva phokoso. Achimwene anali pamwamba pa khoma la chipinda cha Kapitawo ndi piki. Njerwa zinamangidwa ndi matope, choncho sizinkavuta kuzula. Ankazula, kuponya pansi, kutsika, kuziphwanya ndi hamala, kudzaza wilibala, kukakhuthula m'dzenje. Njerwa zimene anaumba okha, zowotcha bwino, zolira ngati belu ukazigogoda. Mawu anga onse anandithera. Ndinavula nsapato, ndinatenga fosholo.

Aneba a kumunsi aja anasuzumira pampanda, anapita, anabwera ndi wilibala yawo. Tinagwira tsiku limenelo ndi lotsatira. Makoma ankatsika, dzenje linkakwera, madzi akuthawira kungodya mpaka tinawakapa ndi ndowa. Pamwamba tinathira matope ouma a m'mizere ya njerwa, achimwene n'kusinja ndi chipika. Pamene panali chipinda panatsala maziko okha. Atafika pa njerwa ya phazi ija anaika piki pansi. Anaizula ndi zala, pang'onopang'ono, anaipukuta ndi malaya, n'kuiika pakhonde.

Kanjiwa anatuluka m'chipatala ataonda, mutu ukuoneka waukulu, koma akung'ung'udza. Ndinaperekeza alamu ndi mwanayo kunyumba masana, mvula itagwa m'mawa. Alamu anaima pachipata. Anayang'ana pamene panali makoma, anayang'ana pamene panali dzenje. Misozi inkangotsika, mwana ali kumsana.

Achimwene anali akuzungulira bwalo monga amachitira tsopano mvula ikagwa, kufufuza paliponse pamene madzi angaime. Anaona pansi pa mgolo, anaona kuseri kwa bafa, anaponda pa dzenje lakale kuti amve ngati pafewa. Kenako anafika pakhonde n'kuima. Mvula inali itawomba mpaka pamenepo. M'kaphazi ka Kapitawo munali mutadzaza madzi, kuyambira kuzala mpaka kuchidendene.

Anagwada. Anaitenga njerwayo ndi manja awiri, anakhuthula madziwo pansi, anaumitsa m'phazimo ndi chala chachikulu. Ndinaganiza kuti ailowetsa m'nyumba. Alamu ndiwo anati, "Ibweretseni kuno, bambo ake." Alamuwo anaigwira pachifuwa pang'ono, kenako anayenda nayo kuseri, kungodya ya dzenje kumene dothi linali litatitimira ndipo timadzi tinayamba kale kusonkhana. Anaiika pomwepo chafufumimba, phazi pansi. Achimwene anabweretsa fosholo ya dothi, anathira pamwamba, n'kusinja.

Kanjiwa, ali kumsana, anafunsa kuti chipinda chapita kuti.

"Chabwerera kwawo," anatero bambo ake. "Tiye mkati, dzuwa lisanapendeke."